MTENGO UTI WOYENERA KUYALA PANSI? Kudziwa Kulimba kwa Matabwa Tisanagule

MAWU OYAMBA

Ife a kuno ku Thyolo timakhala pakati pa mitengo, koma ambiri a ife sitiizindikira mitengoyo ikasanduka matabwa. Tikafuna kumanga holo, kalasi, nyumba ya aphunzitsi kapena nsanja ya m'tchalitchi, timasonkha ndalama movutikira. Wina amapereka zimene wapeza pothyola masamba a tiyi, wina zimene wapeza pogulitsa nthochi, wina za ganyu. Ndalama zimenezi timazipereka m'manja mwa komiti, ndipo komiti imapita kukagula matabwa. Ikagula matabwa osayenera, patangopita zaka ziwiri kapena zitatu pansi payamba kung'aluka, chiswe chalowa, ndipo tiyambiranso kusonkha. Chimene chimatsatira ndi kukayikirana ndi kulozana zala.

Nyumba zambiri za m'midzi mwathu n'zozira kapena za simenti. Matabwa oyala pansi timawaona makamaka m'nyumba zina zakale za m'maesiteti, m'nyumba zosanja ndi pa nsanja za m'maholo. Komabe nzeru yosankhira thabwa loyala pansi ndi yomweyo imene tifunika posankha matabwa a madesiki, mabenchi, zitseko ndi masitepe, pakuti zonsezi zimapondedwa, kukhulidwa ndi kugundidwa tsiku ndi tsiku.

M'mutu uno tiona zinthu zinayi: tanthauzo la kulimba kwa mtengo, kusiyana kwa mitengo imene timaidziwa, njira zoyesera matabwa tisanalipire, ndi zimene lamulo likunena pa mitengo yachilengedwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

1. KODI KULIMBA KWA MTENGO N'CHIYANI?

Tikamati mtengo uwu ndi wolimba, kawirikawiri timasakaniza zinthu zitatu zosiyana. Tiyeni tizilekanitse.

Choyamba ndi kulimba kwenikweni. Apa tikunena za mphamvu ya thabwa yokana kulowedwa ndi chinthu chimene chikulikanikiza. Mwendo wa benchi, chidendene cha nsapato, mchenga umene ana amalowa nawo m'kalasi, zonsezi zimasiya timaenje ndi mikwasa pa thabwa lofewa. Thabwa lolimba limakana.

Chachiwiri ndi kukhalitsa. Apa tikunena za kukana chiswe, kufumbwa ndi kuola. Mtengo ukhoza kukhala wofewa koma chiswe osaukhudza. Chitsanzo ndi mkungudza wa ku Mulanje: ndi wopepuka, wosavuta kupala, koma mafuta ake onunkhira amathamangitsa chiswe. Mtengo wina ukhoza kukhala wolimbirapo koma chiswe n'kuudya. Chitsanzo ndi bulugamu wamng'ono.

Chachitatu ndi kukhazikika. Thabwa limamwa chinyezi m'nyengo ya mvula ndi kufufuma. M'chilimwe limauma ndi kubwerera. Mitengo ina imasintha pang'ono chabe, ina imasintha kwambiri mpaka kupotoka ndi kusiya mipata pakati pa thabwa ndi linzake. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kuwonjezera pa mvula ya dzinja timalandiranso chiperoni kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Tidziwenso kuti mtengo uli ndi zigawo ziwiri. Mkati muli mtima, umene kawirikawiri umakhala wa mtundu wakuda kapena wofiirira. Kunja, pafupi ndi khungwa, kuli mnofu woyererako. Mtima ndi umene umakana chiswe ndi kuola. Mnofu woyera, ngakhale wa mlombwa weniweni, umafumbwa msanga. Choncho pogula tisangofunsa dzina la mtengo ayi; tionenso kuti thabwalo lachekedwa kuchokera pati.

Thabwa labwino loyala pansi ndi limene lili ndi zinthu zitatu zonsezi pa mlingo wokwanira. Sikuti liyenera kukhala lolimba kuposa onse.

2. MMENE AKATSWIRI AMAYEZERA KULIMBA

M'chaka cha 1906 katswiri wina wa ku Austria, dzina lake Gabriel Janka, adakonza njira yoyezera kulimba kwa matabwa imene ikugwirabe ntchito m'maiko ambiri. Njira yake ndi yosavuta kuimva. Amatenga kampira kachitsulo kotalika mamilimita 11.28 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, kokulirapo pang'ono kuposa njere ya nzama. Amakaika pa thabwa louma, makina n'kukakanikiza mpaka theka lake litalowa m'thabwamo. Kenaka amawerenga mphamvu imene yafunika. Mphamvuyo ikachuluka, ndiye kuti mtengowo ndi wolimba.

Kuti timve bwino, mphamvu imeneyi tiitchula m'makilogalamu. Tikati paini ali pa 250, tikutanthauza kuti pafunika kulemera kwa matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50 kuti kampirako kalowe theka. Tikati mtengo wa tsanya uli pa 1,500, tikunena matumba makumi atatu.

Manambala amenewa ndi apakatikati. Mitengo iwiri ya mtundu umodzi imasiyana malinga ndi msinkhu wake, nthaka imene idamerapo ndi kuuma kwa thabwalo. Thabwa laliwisi limakhala lofewa kuposa louma. Mtengo wakale umalimba kuposa wamng'ono. Choncho manambalawa atithandize kuyerekeza, osati kulumbirirapo.

Pali lamulo limodzi losavuta kukumbukira: kulimba kumayenda ndi kulemera. Matabwa awiri ofanana kukula, onse ouma bwino, lolemera ndilo lolimba.

3. MITENGO YATHU POIYEREKEZA

Nawu mndandanda wa mitengo ina imene timaidziwa, kuyambira yofewa kufika yolimba, pamodzi ndi mphamvu imene imafunika pa muyeso uja:

Malaina: pafupifupi makilogalamu 250
Paini: pafupifupi makilogalamu 250
Sindireya: pafupifupi makilogalamu 300
M'bawa: pakati pa makilogalamu 400 ndi 500
Bulugamu wokhwima: pakati pa makilogalamu 550 ndi 600
Mlombwa: pafupifupi makilogalamu 600
Msambamfumu: pafupifupi makilogalamu 800
Tsanya: pafupifupi makilogalamu 1,500
Phingo: kuposa makilogalamu 1,600

Tsopano tiyeni tiione m'magulu atatu.

(a) Gulu la mitengo yofewa

Paini ndiye thabwa lopezeka kwambiri m'misika yathu. Wambiri amachokera ku Chikangawa m'mapiri a Viphya ndi ku Zomba. Ndi wotsika mtengo, wosavuta kucheka, ndipo msomali umalowa bwino. Ndi woyenera pa denga, siling'i ndi mashelefu. Koma pansi popita anthu ambiri sachedwa kukumbika, ndipo chiswe chimamukonda kwambiri ngati sadathiridwe mankhwala. Mtengo wa malaina nawo ndi wofewa chimodzimodzi, ngakhale kuti thabwa lake likauma silipotoka. Sindireya amakongola, wofiira ngati m'bawa, koma chikhadabo chimatha kusiya mzere pa iye. Mitengo ya m'gulu ili ingagwire ntchito m'chipinda chogona, mopondedwa pang'ono. M'kalasi, m'holo kapena pa masitepe ayi.

(b) Gulu la pakati

M'bawa umamera m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango za mvula yambiri ngati za kuno. Ambiri timauyesa wolimba koposa chifukwa cha kukongola ndi mtengo wake wogulira, koma muyeso ukusonyeza kuti uli pansi pa bulugamu wokhwima. Ulemu wake uli pa zitseko, matebulo ndi makabati, osati popondedwa.

Mlombwa ndi umene umakwaniritsa bwino zinthu zitatu zija. Ndi wolimba mokwanira, mtima wake chiswe sichiufuna, ndipo umabwerera pang'ono kwambiri pouma. N'chifukwa chake akalipentala amaukonda, ndipo n'chifukwa chakenso watsala pang'ono m'nkhalango zathu.

Bulugamu ali m'gulu lomweli, ndipo tikamba za iye payekha m'chigawo chotsatira.

(c) Gulu la mitengo yolimba kwambiri

Msambamfumu, muwanga, mkalati ndi mng'ona ndi mitengo yolemera. Muwanga timaudziwa pa nsanamira zimene zimatha zaka zambiri m'nthaka osaola. Mkalati ndi mng'ona ndi ina mwa mitengo imene amisiri a m'maiko a kuno kummwera kwa Africa akhala akuigwiritsa ntchito poyala pansi, makamaka ngati timatabwa tating'ono tosanjidwa monga njerwa. Ku Zambia mtengo wa mukusi udatchuka pa ntchito yomweyi ndi pa mitanda ya njanji, ndipo udadulidwa kwambiri m'chigawo cha Mulobezi.

Mtengo wa tsanya, umene umamera kotentha monga ku Chikwawa, Nsanje ndi ku Liwonde, pamodzi ndi phingo, ndi yolemera kotero kuti chidutswa chouma chimamira m'madzi. Koma kulimba kopitirira kuli ndi mavuto ake. Sowo imabuntha msanga. Msomali umapindika pokhapokha atayamba aboola. Mitengo yake kawirikawiri ndi yokhota, yosatulutsa matabwa aatali. Ntchito imachedwa ndipo mmisiri amatchula ndalama zambiri.

Tikayang'ana mndandandawu tiphunzirapo chinthu chimodzi chachikulu. Pansi pa kalasi kapena holo sipafunika mtengo wa makilogalamu 1,500. Kumaiko a ku Ulaya ndi ku America nyumba zambiri zidayalidwa ndi mtengo wa oak, umene kulimba kwake kuli pafupifupi makilogalamu 600, ndipo matabwawo amatha zaka makumi ambiri. Mlingo umenewu ndi womwewo wa mlombwa ndi bulugamu wokhwima.

4. BULUGAMU WA M'MAESITETI

Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo kuno ku Thyolo adafika mu 1908 pa esiteti ya Bandanga. Maesiteti ena monga Satemwa, imene idayamba mu 1923, adatsatira. Fakitale ya tiyi imafuna moto wambiri, pakuti masamba akafota, akadulidwa ndi kusintha mtundu, amaumitsidwa ndi mpweya wotentha. Moto umenewu umachokera ku nkhuni. N'chifukwa chake pafupi ndi minda ya tiyi timaona minda ya bulugamu, mtengo wochokera ku Australia umene umakula msanga ndi kuphukiranso ukadulidwa.

Apa tiyenera kumvetsa bwino. Bulugamu wa nkhuni ndi mapolo amadulidwa ali ndi zaka zosakwana 10. Pa msinkhu umenewu mtengo umakhala wopepuka, mnofu woyera ndi wochuluka, mtima ndi wochepa. Thabwa lochokera pamenepo limang'aluka kumapeto, limapotoka, ndipo limafumbwa. Ambiri amene amanyoza thabwa la bulugamu adakumana ndi la mtundu umenewu.

Bulugamu amene wasiyidwa kufika zaka 20 kapena 25 ndi wosiyana. Mtima wake ndi waukulu, wofiirira, wolemera, ndipo ndi amene ali pa makilogalamu 550 mpaka 600. Ku South Africa, Brazil ndi ku Australia komwe, bulugamu wokhwima amachekedwa matabwa oyala pansi ndi a mipando. Komabe ali ndi zofooka ziwiri zimene tisabise. Choyamba, amabwerera kwambiri pouma: thabwa la mamilimita 100 m'lifupi likhoza kuchepa ndi mamilimita 5 kapena kuposerapo kuchokera pamene lachekedwa kufika pamene lauma. Chachiwiri, sakana chiswe monga mlombwa kapena muwanga. Zofooka zonse ziwiri zili ndi mankhwala ake: kuumitsa modekha ndi kuteteza thabwa ku nthaka.

Tiyerekezenso nthawi. Bulugamu wobzalidwa chaka chimene mwana wabadwa akhoza kuchekedwa matabwa mwanayo akamamanga banja. M'bawa umafuna zaka makumi anayi kapena kuposa. Mlombwa umakula pang'onopang'ono kotero kuti woubzala sadzauona ukuchekedwa. Ndi zidzukulu zimene zidzaucheke. Pamene mitengo iwiri ili yofanana kulimba, wina wa zaka 25, wina wa moyo wonse wa munthu, nzeru ikutiuza kuti popondedwa tiyalepo wokula msangayo.

Tichenjezane chinthu chimodzi. Mitengo ya m'minda ya esiteti ili ndi eni ake. Tikudziwa kuti nkhani ya malo kuno ndi bala lakale, kuyambira masiku a thangata, ndipo boma lathu la Thyolo, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 700,000, ndi lothinana. Madandaulo amenewa ndi oona ndipo ali ndi njira zake zowafikitsira kwa oyenera. Koma komiti ya chitukuko isagule matabwa obedwa usiku. Ipite masana, ndi kalata, kukapempha kapena kukagula poyera. Tisaiwalenso kuti bulugamu amamwa madzi ambiri: tikamabzala wathu, tisamuike m'mbali mwa mtsinje, pa kasupe kapena m'malire a munda wa mnzathu.

5. KUUMITSA NDI KUYALA

Thabwa lolimba loyalidwa laliwisi limaipa msanga kuposa lofewa loyalidwa louma. Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri, nthawi zina olemera ngati mtengo womwewo. Thabwa loyenera kuyala m'nyumba liyenera kutsala ndi madzi okwana magawo 12 mpaka 15 pa 100 aliwonse. Kuti tifike pamenepo tichite izi:

(i) Tisanje matabwa pa mthunzi, pansi pa denga, podutsa mphepo. Padzuwa amauma kunja mkati muli mwamadzi, ndipo amang'aluka.

(ii) Mulu wonse ukhale pamwamba pa njerwa kapena mitanda, osakhudza nthaka.

(iii) Pakati pa mzere wa matabwa ndi unzake tiike timitengo touma tofanana kukula, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba.

(iv) Kumapeto kwa thabwa lililonse tipake penti, chifukwa kumeneko n'kumene madzi amathawira msanga ndipo ming'alu imayambira.

(v) Pamwamba pa mulu tiike zolemera kuti matabwa asapotoke.

Paini wa mamilimita 25 amauma m'miyezi yochepa ya chilimwe. Bulugamu ndi mitengo ina yolemera imafuna miyezi yambiri, ndipo nyengo ya mvula ndi ya chiperoni imachedwetsa. Komiti yanzeru imagula matabwa pamene maziko akukumbidwa, osati pamene denga latha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyala, tikumbukire kuti mdani wamkulu ali pansi. Matabwa asagone pa dothi. Akhale pa mitanda yothiridwa mankhwala, yokwezedwa, ndipo m'khoma mukhale timabowo tolowetsa mphepo kunsi kwake. Ngati tikuyala pa simenti, simentiyo iyambe yauma kwathunthu, ndipo pakhale pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi. M'mphepete mwa khoma tisiye kampata ka chala chimodzi kuti matabwa akafufuma asatukuke. Matabwa ang'onoang'ono m'lifupi amasiya mipata yochepa kuposa aakulu. Mankhwala akuda onunkha amene amapaka mapolo a magetsi si oyenera m'nyumba mokhala anthu, ndipo zidutswa za matabwa othiridwa mankhwala tisaphikire.

Tinene chilungamo: pa malo achinyontho kapena a chiswe chambiri, simenti kapena njerwa zootcha zoyalidwa bwino zimaposa thabwa la mtundu uliwonse. Komiti isachite manyazi kusankha zimenezi.

6. KUYESA MATABWA TISANALIPIRE

Makina a Janka tilibe, koma manja ndi maso tili nawo. Ogulitsa ambiri ndi okhulupirika, koma alipo ena amene amapaka paini kapena sindireya utoto wofiira ndi vanishi n'kumati ndi m'bawa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nazi njira zoyesera:

Kupala. Tipemphe kuti apale kachigawo kakang'ono kapena adule kumapeto. Mtundu weniweni wa mtengo umalowa mpaka mkati. Utoto umathera pamwamba.

Chikhadabo. Tikanikize chikhadabo cha chala chachikulu modutsa mizere ya thabwa. Chikasiya mzere wooneka bwino, thabwalo ndi la gulu lofewa.

Kunyamula. Tiyerekeze zidutswa zofanana kukula. Koma tichenjere: thabwa laliwisi limalemeranso chifukwa cha madzi. Limazizira m'manja, ndipo utuchi wake umamatana tikaufinya.

Kugogoda. Thabwa louma limalira momveka. Laliwisi limalira mogonthera.

Kugwetsa chitsulo. Titenge chitsulo chimodzi chobulungira kunsonga, tichigwetse kuchokera pa msinkhu womwewo pa zidutswa zosiyana, ndipo tiyerekeze timaenje tatsalapo. Uku ndiko kuyesa kwa Janka kwa kumudzi.

Sikelo. Tiyeze thabwa limodzi la mu mulu sabata iliyonse ndi kulemba. Likasiya kupepuka kwa masabata angapo, lauma monga mmene mphepo ya kwathu ingaliumitsire.

Kuyang'ana. Tikane matabwa a mnofu woyera wambiri, a timabowo totuluka ufa, a mfundo zogwedera ndi a ming'alu yaitali.

Pogula pasapite munthu mmodzi. Papite anthu atatu, mmodzi mwa iwo mmisiri wa matabwa amene sali pa ubale ndi wogulitsa, ndipo amayi akhalepo. Afunse mitengo yogulira m'malo atatu. Pa lisiti palembedwe dzina la mtengo, kukula kwa matabwa, chiwerengero ndi ndalama. Lisitiyo iwerengedwe pa msonkhano wa onse amene adasonkha. Kufunsa lisiti si kunyoza atsogoleri ayi. Ndi ufulu wa wosonkha, ndiponso ndi chitetezo cha msungichuma wokhulupirika.

7. LAMULO NDI NKHALANGO ZATHU

Funso lakuti thabwa ili ndi lolimba bwanji lili ndi linzake: thabwa ili lachokera kuti?

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, m'ndime 13 amapatsa boma udindo wosamala chilengedwe poganizira mibadwo ya m'tsogolo. Lamulo la Zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo limapatsa midzi mwayi wokhala ndi nkhalango zawozawo zoyang'aniridwa ndi makomiti a zachilengedwe a m'mudzi. Mu 2020 lamuloli lidakonzedwanso ndipo zilango zidakula. Wopezeka ndi matabwa odulidwa mosaloledwa akhoza kulandidwa matabwawo ndi kuimbidwa mlandu. Komiti imene yagula otere yaika ndalama za anthu pa moto.

Maiko a dziko lapansi ali ndi pangano lotchedwa CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pa ngozi yotha. Mitengo ya mtundu wa phingo idalowa m'ndandanda wa pangano limeneli pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Mkungudza wa ku Mulanje udalowa mu 2019. M'bawa, mlombwa ndi msambamfumu idalowa pa msonkhano wa ku Panama mu 2022. Izi zikutanthauza kuti matabwa ake sangatumizidwe kunja popanda zikalata zapadera. Kwa ife uthenga wake ndi wakuti mitengo imene makolo athu ankaiona paliponse tsopano yayamba kuwerengeka.

Umboni tili nawo pafupi. Mkungudza udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha yotsala pa phiri lonse la Mulanje, ndipo ntchito yobzala ina yachita kuyambira pa mbande. Ku Lengwe, mu 2016, anthu 35 adagwidwa akudula mitengo ya tsanya m'malo otetezedwa. Phiri lathu la Thyolo, limene linali ndi nkhalango yowirira, lidametedwa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo nkhalango yachilengedwe yatsala m'tizigawo tochepa, makamaka m'malo a esiteti. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a chigawo chino cha kummwera. Anthu oposa 600 adamwalira ndipo oposa 500 adasowa. Mvula yoopsa chotero ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo, koma phiri lopanda mizu limagonja msanga.

Sitikunena kuti mitengo yachilengedwe isagwirenso ntchito. Tikunena kuti igwire ntchito yoyenera ulemu wake, igulidwe kwa amene ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo pamene tadula umodzi tibzale yambiri. Matabwa akale ochokera m'nyumba zogumulidwa ndi chuma: adauma kale, ndipo akapalidwa amaoneka atsopano. Nyengo yobzala mitengo m'dziko lino imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Sukulu iliyonse ndi mudzi uliwonse wokhala ndi kamalo ungabzale mizere iwiri: bulugamu kapena paini wa ntchito za ana athu, ndi m'bawa m'mbali mwa mtsinje wa zidzukulu zathu. Pakati pa bulugamuyo tisankhe mitengo yowongoka, tiilembe chizindikiro, ndipo tigwirizane kuti imeneyi si ya nkhuni, idikire zaka 25.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Kulimba, kukhalitsa ndi kukhazikika ndi zinthu zitatu zosiyana. Tifunse zonse zitatu.
2. Paini, malaina ndi sindireya si zoyala popita anthu ambiri.
3. Bulugamu wokhwima, woumitsidwa bwino, amafanana ndi mlombwa pa kulimba, koma afunika kutetezedwa ku chiswe.
4. Mtima wa mtengo ndiwo thabwa. Mnofu woyera ndi chakudya cha tizilombo.
5. Thabwa laliwisi lisayalidwe, ngakhale likhale la mtengo wotchuka.
6. Tifunse chilolezo cha wogulitsa, tilandire lisiti, tiwerenge pagulu.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Ndi mitengo iti imene inali yambiri m'dera lathu pamene akuluakulu ali pakati pathu anali ana? Ndi iti imene yatsala? Tiilembe maina.
2. Pa zomanga zimene tidasonkhera m'zaka zisanu zapitazi, ndi matabwa ati amene adagulidwa? Lero ali bwanji? Chifukwa chiyani?
3. Munthu akatibweretsera mlombwa wotsika mtengo koma wopanda chikalata chilichonse, ndipo ndalama zathu n'zochepa, tingachite chiyani?
4. Kodi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwathu ilipo? Ndani ali m'menemo, ndipo idakumana liti komaliza?
5. Ndi njira ziti zoyenera zimene tingatsate pokambirana ndi esiteti yoyandikana nafe za matabwa, nkhuni ndi mbande?

NTCHITO YOCHITA

Pa msonkhano wotsatira aliyense abweretse kachidutswa ka thabwa kamene akudziwa dzina lake. Tiitane kalipentala wa m'dera lathu, tiyese zidutswazo ndi chikhadabo, chitsulo ndi madzi, ndipo tizisanje kuyambira chofewa mpaka cholimba. Tizilembe maina ndi kuzisunga m'bokosi kwa mlembi. Tsiku limene komiti idzapite kukagula matabwa, idzanyamule bokosilo. Mutu umodzi susenza denga.